Penti yodera kapena yowala mkati mwa nyumba: zoyenera kuyeza musanagule ndowa kuno ku Mangochi

Munthu akaona pa Facebook chithunzi cha pabalaza popakidwa buluu wodera, kapena akagona usiku umodzi pa loji ina ku Cape Maclear komwe khoma la kumutu kwa bedi ndi lobiriwira kwambiri, amabwerera kwawo mtima uli dyokodyoko. Chomwe chithunzicho sichinena n'chakuti chipindacho chili ndi mazenera ofika pansi, mababu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiponso pulasitala wosalala ngati galasi. Nyumba zambiri za pa boma, ku Mpondasi kapena ku Monkey Bay zili ndi zenera limodzi pa chipinda, lokhala ndi zitsulo zotchinga akuba, waya wa udzudzu ndi katani, kenaka babu limodzi pakati pa denga. Penti yomwe ija ikalowa m'chipinda chotere, masana mumayenda moyatsa tochi ya pafoni.

Izi sizikutanthauza kuti penti yodera ilibe malo. Malo ilinawo, koma ndi ochepa, ndipo ndi bwino kuwadziwa.

Kuwala kumene khoma limabweza

Mtundu uliwonse wa penti uli ndi nambala yotchedwa LRV, yosonyeza kuwala komwe khoma limabweza pa magawo 100 aliwonse ofika pa ilo. Makampani ena amailemba kuseri kwa khadi la mitundu. Penti yoyera ili cha m'ma 80 kupita m'mwamba. Khirimu ndi chikasu chosungunuka zili pakati pa 70 ndi 80. Mtundu wa phulusa wapakatikati ndi ina yofanana nawo ili cha m'ma 40 mpaka 55. Buluu wodera, bulawuni wa chokoleti ndi wobiriwira wodera zili pansi, cha m'ma 5 mpaka 15.

Kusiyanaku kumakula chifukwa kuwala sikugunda khoma kamodzi. Kumachoka pa babu, kugunda khoma, kupita ku siling'i, kubwerera ku khoma lina. Pa makoma obweza 80, kuwala kukanjanja katatu kumatsala kopitirira pang'ono theka. Pa makoma obweza 10, kukanjanja katatu kumatsala gawo limodzi pa 1,000. Ndiye kuti m'chipinda chodera mumaona ndi kuwala kochokera pa babu penipeni basi, ngodya zonse zili bii. Kwa amene amadalira kababu ka sola kapena kandulo magetsi a ESCOM akazima, nkhani ndi imeneyi: babu lomwe mwana amawerengera bwinobwino m'chipinda cha khirimu silikwanira m'chipinda cha buluu wodera, mpaka mutaonjezera lina kapena awiri.

Mbali yomwe zenera layang'ana ilinso ndi mawu. Mangochi ili kumwera kwa ikweta, kotero m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo limalowa ndithu pa mazenera a kumpoto. Cha kumayambiriro kwa Novembala limakhala pa liwombo masana, kenaka limapendekera pang'ono kumwera mpaka Febuluwale. Chipinda cha zenera lakumwera, kapena chobisika kuseri kwa khonde lalikulu kapena pansi pa mtengo wa mango, chimalandira kuwala kofooka nthawi yaitali ya chaka. Chimenechi musachiyese n'komwe ndi penti yodera. Chipinda cha zenera lalikulu lakumadzulo ndi china: dzuwa la 3 koloko likagunda khoma loyera mbee, maso amawawa ndipo TV sioneka. Apa mtundu wotsikirako, wa LRV 55 mpaka 65, umapumitsa maso kuposa woyera.

Nanga kutentha?

Anthu ambiri amakana penti yodera poopa kutentha kwa Okutobala. Kunja kwa nyumba ndi padenga mantha amenewo ndi oona, chifukwa dzuwa limagunda pamenepo tsiku lonse. Mkati ndi nkhani ina. Pa khoma la mkati lomwe dzuwa siligundapo, mtundu wa penti suonjezera kutentha. Kutentha komwe kumakulepheretsani tulo kumachokera ku malata opanda siling'i, ku khoma lakumadzulo lomwe laotha dzuwa masana onse kunja kwake, ndi ku mazenera osadutsa mphepo. Mungapake nyumba yonse yoyera, koma ngati malata ali pamutu popanda siling'i, mudzagonabe pakhonde. Mtundu wa mkati umalowererapo pokhapo pomwe dzuwa lolowa pa zenera limafika: khoma lodera limamwa kutenthako n'kumakutulutsa madzulo. Ndiye ndalama ya kutentha ipite ku siling'i ndi ku mthunzi wa kunja, osati ku kusintha mtundu wa chipinda.

Udzudzu ndiye chifukwa cholemerako. Masana umakonda kubisala pamalo amdima ndi odera: kuseri kwa wadiropu, pansi pa bedi, pa zovala zakuda zopachika. Penti yowala siithamangitsa udzudzu, tisanamizane, koma pa khoma lowala mumauona utatera, monganso mumaona msanga njira ya chiswe ikukwera kuchokera pansi, chinkhanira, kapena madontho a nsikidzi m'mbali mwa bedi. Kuno kunyanja, komwe malungo ndi a chaka chonse, chipinda chogona ana chikhale chowala. Ndipo ngati kwanuko kukubwera opopera mankhwala a udzudzu m'makoma, pentani iwo asanafike. Kupenta pambuyo pake ndi kukwirira mankhwalawo.

Litsiro lili mitundu iwiri

Mawu akuti "penti yodera siida" ndi oona theka. Imabisadi zala za ana, mafuta a m'mutu pomwe anthu amatsamira kuseri kwa mpando, matope a mapazi ndi mwaye. Koma imaonetsa fumbi lotuwa, lija limalowa ndi mwera m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti n'kukhala pa kabampu kalikonse ka pulasitala. Imaonetsa ulusi wa kangaude, zitosi za nalimata, ndi mizere ya madzi a sopo akauma. Choipa kwambiri, penti yodera yosanyezimira ikakhudzidwa ndi phewa kapena ikapukutidwa ndi nsanza imasiya chigamba chonyezimira chomwe sichichoka. Ikakandika ndi mpando, mzere woyera wa pulasitala umaonekera patali.

Penti yowala imachita mosemphana: fumbi silioneka, zala zimaoneka.

Apa mpomwe ambiri amasokoneza mtundu wa penti ndi kulimba kwake. Kuti khoma litsukike sizidalira mtundu, zimadalira penti yake. Penti ya madzi yotchipa yotchedwa PVA imachoka ndi nsanza yonyowa, kaya ndi yoyera kaya ndi yofiira. Penti ya madzi ya acrylic, makamaka yonyezimira pang'ono yomwe pa chitini amalemba sheen kapena silk, imapirira kupukuta. Ya oyilo, yomwe amisiri amati gulosi, imapirira sopo ndi bulashi. Khirimu wa sheen amakhalitsa waukhondo kuposa bulawuni wa PVA.

Khoma lanu lingathe kunyamula penti yodera?

Funso ili liyankhidwe usiku, ndi tochi. Igonekeni pa khoma kuti kuwala kuyende motsatira khomalo. Mabampu, maenje, mizere ya chipande cha mmisiri ndi zigamba za pomwe anadutsitsa mapaipi a magetsi zonse zionekera. Penti yowala yosanyezimira imakhululuka zambiri mwa izi. Yodera, makamaka ikakhala yonyezimira, imaziulula zonse dzuwa likalowa chammbali. Khoma lofuna mtundu wodera liyenera kuyamba lasalazidwa ndi fila (phala lotsekera maenje a khoma) n'kukwechedwa ndi sandipepa, ndipo ntchito imeneyi nthawi zina imadya ndalama kuposa penti.

Chachiwiri ndi chinyezi. Nyumba za m'malo otsika, kufupi ndi Shire, nyanja ya Malombe kapena m'madambo momwe madzi amaima nthawi ya dzinja, zimakoka madzi kuchokera pansi ngati pa maziko sanayalepo pulasitiki yotchinga chinyezi. Madziwo akamauma amasiya mchere woyera ngati ufa m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapitirira mita imodzi kuchokera pansi. Pa penti yodera mcherewu umaoneka ngati mapu. Pa yowala suoneka msanga, koma chuku chakuda ndi madontho achikasu a denga lodontha ndiye zimaoneka. Palibe mtundu wochiza chinyezi. Ndipo kupaka gulosi pa khoma lonyowa n'kolakwika kwambiri: gulosi satulutsa mpweya, madzi amatsekeredwa kuseri, penti imatupa matuza n'kusupuka ngati khungu la njoka. Khoma lotere limachita bwino ndi laimu kapena penti ya madzi yosanyezimira, kufikira mutakonza ngalande ndi kakhonde kozungulira nyumba kuti madzi a mvula azithawa maziko.

Masamu a malita

Titenge chipinda cha mamita 4 m'litali, 3.5 m'lifupi ndi 2.7 kutalika. Kuzungulira ndi mamita 15, kuchulukitsa ndi 2.7 ndi masikweya mita 40.5. Kuchotsa chitseko ndi zenera limodzi, atsala pafupifupi 37. Pa pulasitala wosalala bwino, lita imodzi ya penti ya madzi imakwana masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono pa koti imodzi (kupaka kamodzi). Pa wokhakhala imatha kutsika kufika 5 kapena 6. Tikatenga 8, koti imodzi ndi malita pafupifupi 4.6. Mtundu wowala pa khoma lopakidwa kale pulaima (penti yapansi yoyambira) umakwana ndi makoti awiri, malita 9 kapena 10. Wodera umafuna atatu, malita 14, kuonjezerapo koti yapansi.

Chifukwa chake chili m'chitini. Penti yoyera ili ndi ufa woyera wa titanium dioxide, womwe ndi umene umaphimba za pansi. Kuti apange mtundu wodera, amayamba ndi penti yopanda ufawu kapena yokhala nawo pang'ono, n'kuthiramo utoto wambiri. Ndiye yofiira kwambiri, ya lalanje ndi yachikasu chakupsa zimaonetsa za pansi ngakhale pa koti yachitatu. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi koti yapansi ya mtundu wa phulusa, osati yoyera. Utoto wambiriwo ndi umenenso umakweza mtengo wa lita, ndipo mitundu yotere kawirikawiri simuipeza yosakaniza kale m'mashopu a hadiweya a pa boma. Imafuna makina osakanizira, zomwe nthawi zina zimatanthauza kuitanitsa ku Blantyre. Ikakutherani khoma lili pakati, chitini chachiwiri chikhoza kusiyana pang'ono ndi choyamba, ndipo pa mtundu wodera "pang'ono" ameneyo amaoneka. Gulani yokwanira kamodzi, muthire zitini zonse mu ndowa imodzi, mutakase, kenaka muyambe.

Kumbukiraninso za mawa. Khoma la khirimu likakandika mumangodonthezapo ndi kabulashi. Lodera silivomera chigamba, makamaka pafupi ndi zenera pomwe dzuwa lasuwitsa kale mtundu. Mumabwereza khoma lonse kuchokera ngodya kufika ngodya. Tsiku lomwe mudzatope nalo n'kufuna kubwerera ku zoyera, mudzafunika koti yapansi ndi makoti awiri kapena atatu pamwamba. Eni nyumba za lendi aganizire pamenepa asanalole wobwereka kupaka zakukhosi kwake.

Njira zomwe zilipo

Yoyera paliponse ndiyo yotchipa ndi yowalitsa kuposa zonse, ndipo siisowa m'shopu. Laimu ndi wotchipa koposa, amalola khoma kupuma, chuku sichimukonda, koma amadetsa zovala za wotsamira ndipo amafuna kubwereza pafupipafupi. Dziwaninso kuti penti yamakono siigwira pa laimu: mukadzafuna kusintha, laimu yense ayenera kupalidwa. Vuto la zoyera mbee ndi kuthobwa m'maso m'zipinda za dzuwa lambiri, ndipo pansi pa babu la kuwala koyera kopendekera ku buluu, lolembedwa 6500K, nyumba imaoneka ngati wodi ya kuchipatala. Gulosi woyera naye amasanduka wachikasu pakapita nthawi, makamaka m'malo osafika dzuwa monga kuseri kwa chitseko.

Khirimu, mtundu wa mchenga, phulusa losungunuka, buluu kapena wobiriwira wosungunuka kwambiri: gulu ili ndi lomwe timalimbikitsa pa makoma ambiri a nyumba ya banja. Mumataya kuwala pang'ono chabe, fumbi silioneka, zala sizikuwa ngati pa zoyera. Samalani ndi pansi panu. Simenti yofiira yopolishidwa imaponya kufiira kwake pa makoma, ndiye khirimu amaoneka ngati pinki ndipo phulusa limaoneka lakuda ndi litsiro. Pamenepo khirimu wopendekera ku chikasu amagwirizana nayo bwino. Pa matailosi oyera kapena otuwa, phulusa ndi buluu wosungunuka zimakhala bwino.

Mitundu yapakatikati, ya LRV 40 mpaka 55, imafuna pabalaza pa mazenera awiri akuluakulu kapena kuposa. M'kolido ndi m'zipinda zazing'ono imalemera.

Yodera makoma onse anayi ndi ya chipinda chachikulu, cha pulasitala wosalala, chouma, chokhala ndi magetsi odalirika komanso mababu angapo a m'mbali, osati limodzi lapakati. Chipinda choonera mpira, bala, kapena chipinda cha alendo pa loji zikhoza kukwanitsa. Nyumba wamba ya zipinda zitatu, ayi.

Khoma limodzi lodera, ena atatu owala, ndiyo njira yopezera kukongola kwa pa chithunzi chija popanda kulipira mtengo wonse. Khoma la mamita 4 ndi masikweya mita 10.8, makoti atatu ndi malita 4, chitini chimodzi cha malita 5 chakwana, n'kutsalako yokonzera. Funso ndi lakuti khoma liti. Labwino ndi la kuseri kwa TV, chifukwa maso satopa, kapena la kumutu kwa bedi, lomwe simuliyang'ana mukagona. Lisakhale loyang'anizana ndi zenera m'chipinda cha zenera limodzi, popeza limenelo ndi lomwe limalandira kuwala n'kukugawira chipinda chonse. Lisakhalenso lomwe lili ndi zenera: kuwala kwa panja pakati pa khoma lakuda kumalasa m'maso. M'chipinda chachitali chopapatiza, kudetsa khoma lalifupi lakumapeto kumachititsa kuti chioneke chofanana mbali zonse.

Yotsala ndi yakale ija ya m'masukulu ndi m'zipatala: m'munsi modera, m'mwamba mowala. Ena amaiona ngati yachikale, koma pa nyumba ya ana ambiri, m'kolido, m'khitchini, m'sitolo kapena m'lesitilanti palibe yoiposa. Manja, mipando, njinga yotsamiritsa ndi madzi okolopera zonse zimathera m'munsi mwa mita 1.2, pomwe kuwala kumagwira ntchito m'mwamba. M'chipinda chathu chija, lamba wa mita 1.2 ndi masikweya mita pafupifupi 17, ndipo malita 3 kapena 4 a gulosi amakwana makoti awiri. Kuti isaoneke ngati kalasi, sankhani mitundu ya banja limodzi, monga mchenga m'mwamba ndi bulawuni wa khofi wamkaka m'munsi, ndipo m'malo mwa gulosi wonyezimira kwambiri mugwiritse ntchito sheen. Mzere wake ujambulidwe ndi levulo ya paipi ya madzi, osati poyeza kuchokera pansi, chifukwa pansi pambiri mpopendekeka. Ngati m'munsimo muli chinyezi, tanena kale: gulosi ayi.

M'khitchini yophikira pa mbaula, mwaye umakwera m'mwamba ndipo umadetsa mtundu uliwonse. Kupaka yodera kumangoubisa uku mukudula anyezi mumdima. Yowala yotsukika, ndi potulukira utsi, ndiye yankho. Siling'i ikhale yoyera m'nyumba monse, kaya makoma ndi amtundu wanji.

Poyesa ndi popaka

Kakhadi ka m'shopu kamanama. Mtundu ukafalikira pa khoma lonse umaoneka wakupsa kuposa pa khadi, ndipo penti ya madzi imasintha ikauma. Gulani lita imodzi, mupake chigamba cha mita imodzi mbali zonse, makoti awiri, pa makoma awiri osiyana. Muchione m'mawa, masana, madzulo, ndi usiku pansi pa babu lomwe mumagwiritsa ntchito. Babu la kuwala kwachikasu, lolembedwa 3000K, limakometsa khirimu ndi bulawuni koma limadetsa buluu. La 6500K limachita mosemphana. Mukakayika pakati pa mitundu iwiri yoyandikana pa khadi, tengani wowalawo.

Pulasitala watsopano adikire masiku osachepera 28, ndipo nthawi ya mvula kuposa pamenepo. Simenti yosauma imawotcha utoto, n'kusiya zigamba zotuwa zomwe pa mtundu wodera zimaoneka msanga. Yambani ndi pulaima wa pulasitala. Pa khoma lakale, pukutani ndi chikhatho: chikatuwa ndi ufa, litsukeni ndipo lipakidwe pulaima womanga ufawo, apo ayi penti yatsopano idzasupuka pamodzi ndi yakale. Pa gulosi wakale, kwechani kaye kuti kunyezimira kuthe. Kwechani ndi sandipepa yonyowetsa ndipo ana atuluke, chifukwa penti zina zakale za oyilo, makamaka zachikasu, zofiira ndi zobiriwira, zinkakhala ndi mtovu, womwe fumbi lake limaononga ubongo wa mwana. Pogula gulosi watsopano, funani wolembedwa kuti alibe mtovu.

Madzi osungunulira asapitirire zomwe zalembedwa pa chitini, kawirikawiri gawo limodzi pa magawo khumi pa koti yoyamba. Chizolowezi chothira madzi ambiri kuti ndowa ikwane nyumba yonse chimapitako pa zoyera, koma pa mtundu wodera chimabala mizere ndi mawangamawanga. Pangano ndi mmisiri linene chiwerengero cha makoti ndi amene akugula penti.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumaumitsa penti ya madzi rola isanabwerere, ndiye pomwe mzere wouma wakumana ndi wauwisi pamatsala chipsera, chooneka kwambiri pa yodera. Yambani m'mamawa, mutseke mazenera a mbali yomwe kukuchokera mphepo, ndipo anthu akhale awiri: wina akudula m'mbali ndi bulashi, wina akumutsatira pompo ndi rola, khoma limodzi lithe osapumira pakati. Pakati pa makoti a penti ya madzi dikirani maola 2 mpaka 4, pa gulosi mpaka mawa lake. Amene amathamangira kupenta sabata ya Khirisimasi amakumana ndi vuto lina, la chinyezi cha mvula: penti imachedwa kuuma, ndipo pa mitundu yodera pamatuluka timizere tonyezimira tonata ngati sopo. Timeneti timachoka popukuta mofatsa ndi nsanza ya madzi oyera penti ikalimba. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, makoma atauma ndipo kunja kukuzizirira, ndiyo yabwino. Khoma latsopano lisatsukidwe ndi sopo kapena kukankhiridwa mipando kwa milungu itatu kapena inayi, ndipo yotsala m'chitini muisunge pamthunzi, chivindikiro chitatsekedwa zolimba, dzina ndi nambala ya mtundu zitalembedwa pamwamba pake.